Mwasankhidwa Kukaphunzira Kemisitiri ku Zomba? Yambirani Apa

Tsiku limene mayina a ophunzira osankhidwira ku sukulu zaukachenjede anatuluka, mwana wa achemwali anga anandiimbira foni mtima uli m'mwamba. "Amalume, ndasankhidwa ku Chanco, za sayansi. Koma anthu akuti kemisitiri ya kumeneko imabweza anthu kumudzi. N'zoona?" Ndinamuuza kuti akhazike mtima pansi, ayambe wadya nsima. Kenako ndinamulembera malangizo awa, amene ndaganiza zowafutukula kuti athandizenso ena.

Yankho langa kwa iye linali lakuti kemisitiri ya kuyunivesite sibweza munthu chifukwa choti ndi wofooka mutu. Imabweza munthu amene wabwera ndi chizolowezi cha ku sekondale choloweza manotsi. Phunziro ili limalowa kudzera m'manja: pensulo pa pepala, ndi zala pa zipangizo za mu labu. Zonse zimene ndilembe pansipa zikuchokera pamenepo.

Choyamba, dziwani kumene mukupita

Ambirife pakamwa panazolowera kunena kuti Chanco, koma kuyambira mu 2021 sukuluyi inatenga yokha dzina la University of Malawi, pamene Polytechnic inasanduka MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala KUHeS. Sukuluyi ili ku Chirunga, kumene inasamukira mu 1973 kuchoka ku Blantyre. Digiri yoyamba imatenga zaka 4, chaka chilichonse masemesita awiri.

Kemisitiri mungaifikire kudzera pa makomo awiri: digiri ya sayansi, kapena digiri ya uphunzitsi wa sayansi. Kulikonse kumene mwalowera, chaka choyamba simuphunzira kemisitiri yokha. Imayenda pamodzi ndi masamu ndi maphunziro ena a sayansi monga fizikisi. Musawaone ngati alendo ongodutsa. Amene anyozera masamu chaka choyamba amadzalira chaka chachiwiri, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Sabata yoyamba, musanayambe n'komwe kufufuza kumene kuli chipisi chotchipa, pezani kapepala kofotokoza dongosolo la kosi iliyonse. Onani mitu yake, ndipo makamaka onani kuti malikisi a ntchito za pakati pa semesita, monga mayeso ang'onoang'ono ndi malipoti a mu labu, ndi angati poyerekeza ndi a mayeso omaliza. Ku sekondale munazolowera kuti zonse zimathera pa tsiku la MANEB. Kuno malikisi amayamba kutoleredwa masabata oyambirira, inu mukadali kusochera pofuna chipinda chophunziriramo.

Chachiwiri, konzani masamu musanakwere basi

Ife tinkalemba Physical Science pa MSCE. Inu mwalemba kemisitiri payokha, choncho mwafika mutadziwa zambiri kuposa ife. Komabe chimene ndaona chikugwetsa ambiri ndi masamu ang'onoang'ono. Miyezi imene mukudikira kutsegulira, tengani buku lanu la masamu la Fomu 3 ndi 4 ndipo mubwereze zinthu izi mpaka zizichitika zokha: kusintha fomula kuti chilembo chimene mukufuna chitsale chokha mbali imodzi, ma logarithm, kulemba manambala aakulu ndi aang'ono mwa njira ya 10 wokhala ndi kanambala pamwamba, ndi kujambula galafu ya mzere woongoka n'kupeza kupendekeka kwake.

Gulani kalikuleta ya sayansi yanuyanu ndipo muizolowere ngati foni. Pa mayeso foni salola, ndipo kalikuleta yobwereka m'mawa wa mayeso ili ndi mabatani amene simukuwadziwa. Yesani izi pompano: pH ya madzi okhala ndi hydrochloric acid wa 0.001 mol pa lita ndi 3. Ngati kalikuleta yakupatsani -3, mwaiwala kuti fomula ya pH ili ndi kachotsera kutsogolo. Ngati simukudziwa batani loyenera kudina, ntchito mwaipeza.

Ndipo mayunitsi. Lita imodzi ndi mamililita 1000. Kutentha mu masamu a mpweya kumalembedwa mu kelvin, kutanthauza madigiri anu kuphatikizapo 273.15. Zikuoneka zachibwana, koma theka la mayankho olakwika amene ndinapeza ine chaka choyamba linachokera pa zinthu ziwiri zimenezi.

Chachitatu, gwirani mole ndi manja awiri

Apa ndichedwapo, chifukwa ndiye pagona nkhani.

Mayi wogulitsa tomato mu msika wa Mpondabwino sawerenga imodziimodzi kwa aliyense, amaika milu. Wogula chimanga sawerenga njere, amayeza thumba. Mole ndi mulu wa akatswiri a kemisitiri. Mulu umodzi uli ndi tinthu 6.022 × 10²³, kaya ndi maatomu, kaya mamolekyu. Popeza palibe angawerenge tinthu tochuluka chotero, timayeza pa sikelo. Mole imodzi ya madzi imalemera magalamu 18, ya mchere wa m'khitchini magalamu 58.5, ya sodium hydroxide magalamu 40. Mulu ndi womwewo, kulemera n'kosiyana, monga momwe mulu wa mandimu khumi sungalemere mofanana ndi mulu wa mavwende khumi.

Tiyeni titenge chinthu chimene munasenzapo pamutu: feteleza wa urea. Fomula yake ndi CO(NH₂)₂. Werengani kulemera kwake: carbon 12, oxygen 16, nitrogen awiri 28, hydrogen anayi 4. Zonse pamodzi 60. Pa 60 ameneyo, 28 ndi nitrogen. Gawani 28 ndi 60 ndipo mupeza 46.7 pa 100 iliyonse. Tsopano kumbukirani nambala yolembedwa pa thumba lija: 46. Ndiye kuti m'thumba la makilogalamu 50, chakudya chenicheni chimene chimanga chikufuna ndi makilogalamu pafupifupi 23. Tsiku limene ndinawerengera zimenezi ndekha ndi limene ndinasiya kuona tebulo la ma element ngati chinthu choloweza.

Njira ya funso lililonse la mtundu uwu ndi imodzi, ndipo muilembe mkati mwa chikuto cha kope lanu. Lembani equation n'kuilinganiza mbali zonse ziwiri. Zimene mwapatsidwa, kaya magalamu kaya mamililita, zisandutseni ma mole. Gwiritsani ntchito manambala a mu equation kuti mupeze ma mole a chinthu chimene mwafunsidwa. Pomaliza bwererani ku magalamu kapena mamililita. Musadumphe kuchoka pa magalamu a chinthu china kupita pa magalamu a chinzake. Mlatho wake ndi mole basi.

Yesani ili. Mwauzidwa kukonza mamililita 250 a sodium hydroxide wa mphamvu ya 0.100 mol pa lita. Mamililita 250 ndi malita 0.250. Chulukitsani ndi 0.100, mupeza ma mole 0.0250. Chulukitsaninso ndi 40, mupeza galamu 1.00. Ndiye mukayeza galamu imodzi, kuisungunula m'madzi ochepa, kenako kuonjezera madzi mpaka pa mzere wa botolo loyezera. Onetsetsani apa: simuthira madzi okwana mamililita 250 pa mankhwalawo, mumathira mpaka zonse pamodzi zikwane 250.

Kusukulutsa nako kuli ndi fomula yake yaifupi, C₁V₁ = C₂V₂, pamene C ndi mphamvu ya mankhwala ndipo V ndi mamililita ake, musanasukulutse ndi mutasukulutsa. Mukafuna mamililita 100 a asidi wa 0.1 kuchokera ku wa 2, mutapa mamililita 5 okha. Ganizirani za sikwashi: madzi mwaonjezera, koma shuga amene munatsanula poyamba ndi yemweyo.

Chitani mafunso otere osachepera asanu tsiku lililonse mwezi woyamba. Osati kuwerenga mayankho a ena n'kumagwedeza mutu kuti zamveka. Tsekani buku, tengani pepala loyera. Kumvetsa kwa m'maso n'konyenga. Kumathawa mukangolowa mu Great Hall kukalemba mayeso.

Chachinayi, mu labu

Zovala kaye. Gawuni loyera la thonje lofika m'mawondo, nsapato zotseka zala, magalasi oteteza maso. Masilipasi ndi masandasi asiyeni ku hositelo ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Atsikana, mesh ndi mawigi zimagwira moto msanga; mangani kumbuyo. Mu labu simudyeramo, simumweramo, ngakhale kutafuna chingamu. Tsiku loyamba yendetsani maso muone pali mpopi wotsukira m'maso, pali chozimitsira moto, ndi khomo lotulukira.

Malamulo atatu awa musawaiwale ngakhale mutadzaiwala dzina langa. Asidi ndiye amathiridwa m'madzi, pang'onopang'ono; madzi sathiridwa mu asidi. Sulphuric acid wosasukuluka ndi wa 98 pa 100, ndipo akakumana ndi madzi amatulutsa kutentha kokwanira kuwiritsa madzi amene mwathirawo n'kukuthovukirani kumaso. Lachiwiri, pipette, kagalasi kotapira mulingo weniweni wa mankhwala, sakoka ndi pakamwa. Pali kachipangizo kake kokokera. Lachitatu, chilichonse chikakudontherani pakhungu, thamangirani ku mpopi, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, ndipo mnzanu akaitane oyang'anira. Musabise poopa kukalipiridwa.

Za oyang'anira ndinenepo pang'ono. Amatekinishani a mu labu apatseni ulemu wonse. Apatseni moni, afunseni musanayatse chipangizo chimene simukuchidziwa, ndipo mukaswa galasi kawauzeni nokha. Anthu amenewa aona mibadwo ya ophunzira ikulakwitsa zinthu zomwezomwezo, ndipo amadziwa burette (galasi lalitali loyezera lokhala ndi kampopi kunsi) imene ili yabwino. Safunsa anadya phula.

Usiku woti mawa kuli labu, werengani malangizo onse, lembani equation, werengeranitu kuti mukuyembekeza mamililita angati, ndipo jambuliranitu tebulo lolembamo zotsatira. Wobwera osawerenga amathera ola loyamba akusuzumira zimene gulu loyandikana nalo likuchita, ndipo ngati gululo lalakwitsa, onse amagwera dzenje limodzi.

Tsopano titration, njira yopezera mphamvu ya mankhwala powadonthezera ena odziwika mphamvu, imene mudzakumana nayo mobwerezabwereza mpaka kumaliza digiri. Tinene kuti mwapatsidwa hydrochloric acid wosadziwika mphamvu, ndi sodium hydroxide wa 0.100.

Tsukani burette ndi madzi, kenako muitsukuluze ndi sodium hydroxide yemweyo pang'ono n'kutaya. Mukadumpha pamenepa, madontho a madzi otsalira mkati amasukulutsa mankhwala anu. Pipette nayo muitsukuluze ndi asidi. Koma conical flask, botolo losakanizira mankhwala awiriwo, lokhalo litsukeni ndi madzi oyera basi. Mukalitsukuluza ndi asidi mwaonjezera ma mole amene simunawerenge.

Dzazani burette, chotsani fanulo pamwamba, ndipo tsegulani kampopi kanthawi kochepa kuti mpweya wobisala kunsonga utuluke. Kathovu kameneko kakatsala, kamadzatuluka pakati pa ntchito n'kukuberani theka la mililita. Werengani poyambira diso lili pa mulingo umodzi ndi madziwo, pansi pa kachigwa kamene madzi amapanga m'galasi. Ngati ndinu wamfupi tsitsani burette, osaimirira pa mpando. Lembani manambala awiri pambuyo pa kadontho, monga 0.00 kapena 0.15.

Tapani mamililita 25.0 a asidi ndi pipette, muthire mu flask. Kadontho kotsalira kunsonga musakauzire. Pipette inapangidwa mowerengera kuti kadzatsala. Donthezani phenolphthalein, mankhwala amene amasanduka pinki asidi akatha, madontho awiri kapena atatu. Madzi akhalabe oyera. Ikani pepala loyera pansi pa flask. Dzanja lamanzere pa kampopi, lamanja likuzunguza flask mosalekeza.

Poyamba muona kamtundu ka pinki kakubadwa pamene dontho lagwera n'kuzimiririka nthawi yomweyo. Pitirizani. Ikafika nthawi yoti pinkiyo akuchedwa kuchoka, chepetsani, dontho limodzilimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukufuna pinki wotuwa kwambiri, wongooneka chifukwa cha pepala loyera lija, amene akhale masekondi 30 osachoka. Akakhala wowala ngati chitenje cha pa chinkhoswe, mwapitirira. Ulendo woyamba ndi wongofufuzira njira. Bwerezani mpaka mupeze zotsatira ziwiri kapena zitatu zosiyana ndi mamililita osaposa 0.10.

Tinene mwapeza 23.50. Ma mole a sodium hydroxide ndi 0.100 kuchulukitsa ndi 0.02350, zimene zikupereka 0.002350. Mu equation, mole imodzi ya asidi imadyana ndi mole imodzi ya sodium hydroxide, choncho asidi nayenso ndi 0.002350. Gawani ndi malita 0.0250: asidi wanu ndi wa 0.0940 mol pa lita. Mwaona kuti ndi njira yomwe ija ya m'chikuto cha kope?

Kanthu kena kokhudza nyengo ya kwathu kuno. Zomba ndi ya mvula, ndipo mu Januwale mpweya umakhala wachinyontho. Timibulu ta sodium hydroxide timayamwa madzi a mumpweya. Mukatiika pa sikelo n'kuyamba kucheza, mudzationa tikunyezimira, tikunyowa, nambala ikukwera yokha. Yezani mwachangu ndipo tsekani botolo. N'chifukwa chakenso sodium hydroxide amayamba wayesedwa ndi mankhwala ena okhazikika asanakhulupiriridwe.

Chachisanu, kope la mu labu ndi lipoti

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Tsiku lina ndinaiwala kope, ndipo manambala a titration ndinawalemba pachikhatho, n'kumati ndikakopera ku chipinda. Pomaliza ntchito ndinatsuka magalasi onse bwinobwino ndi sopo, n'kusamba m'manja monga mwa lamulo. Ndinakumbukira ndili panja, ndikuyang'ana chikhatho choyera ngati cha khanda. Maola atatu anapita ndi madzi.

Gulani kope lachikuto cholimba la labu yokha. Lembani ndi bolopeni, nthawi yomweyo, tsiku ndi mutu pamwamba. Mukalakwitsa dulani ndi mzere umodzi kuti cholakwikacho chiziwerengekabe. Lembaninso zimene maso aona ndi zimene dzanja lamva: mtundu wasintha, flask yafunda, pansi padikha zoyera.

Lipoti lilembeni tsiku lomwelo kapena mawa lake, fungo la labu lisanachoke m'mphuno. Zigawo zake aphunzitsi adzakuuzani, koma malikisi ambiri amabisala pa gawo lokambirana zotsatira. Kulemba kuti "panali zolakwika za munthu" sikunena kanthu. Nenani cholakwikacho, ndipo nenani ngati chinakweza kapena kutsitsa yankho. Mwachitsanzo: munsonga ya burette munali mpweya, choncho mamililita owerengedwa anachuluka kuposa enieni, ndipo mphamvu ya asidi yaoneka yokwera.

Ndipo musaphike manambala. Mawu amenewa mudzawamva, ndipo mayesero ake ndi aakulu pamene anzanu onse apeza 23 inu mwapeza 27. Lembani 27 wanuyo ndipo mufotokoze. Wophunzitsa amene wachonga malipoti zaka zambiri amazindikira manambala ophika, chifukwa amakoma mopitirira. Choopsa kwambiri n'chakuti dzanja lozolowera kuphika pa sukulu lidzaphikanso tsiku limene lidzapatsidwe madzi akumwa a mudzi wonse kuti liyeze. Kukopera lipoti la amene anadutsa chaka chatha ndi mlandu umene ungakuchotsetseni sukulu.

Chachisanu ndi chimodzi, nthambi zinayi ndi kawerengedwe kake

Mukadutsa chaka choyamba, kemisitiri imagawika, ndipo nthambi iliyonse imafuna kawerengedwe kakekake.

Organic, ya mankhwala a carbon, ndi imene anthu amaiopa kwambiri, chifukwa amayesa kuiloweza. Ma reaction ndi mazanamazana, mutu sungasunge. Chimene mungasunge ndi chifukwa chake: ma electron amachoka pamene achuluka kupita pamene aperewera. Timivi tokhota timene aphunzitsi amajambula tikusonyeza ulendo umenewo. Jambulani mechanism iliyonse, ndiye kuti chithunzi cha ulendowo, katatu, kachitatu buku lili chotseka, mukudzifunsa pa muvi uliwonse kuti n'chifukwa chiyani wayambira apa. Za maonekedwe a mamolekyu, musadandaule kuti mulibe zidole zogula. Umbani timipira ta dongo, tengani machesi, mupange carbon wa miyendo inayi yotalikirana madigiri 109.5. Ikani zinthu zinayi zosiyana kunsonga, kenako umbani mnzake monga akuonekera pa galasi. Yesani kuwasanjikiza. Akana, monga dzanja lamanja likanira kulowa m'gulovu ya kumanzere. Phunziro limene limazunguza anthu milungu iwiri mwalimva madzulo amodzi. Urea yemwe uja ali ndi mbiri muno: mu 1828 Friedrich Wöhler anamupanga mu labu, pa nthawi imene anthu ankakhulupirira kuti mankhwala otere amapangidwa ndi zamoyo zokha.

Physical ndi kumene masamu aja amadzakufunsani ngongole. Thermodynamics, liwiro la ma reaction, zonse zimayenda ndi calculus. Pa fomula iliyonse dziwani tanthauzo la chilembo chilichonse, mayunitsi ake, ndi nthawi imene fomulayo imagwira ntchito. Ndipo musadabwe thermometer ikakana kufika pa 100 madzi akuwira. Tauni ya Zomba ili pamtunda wa mamita oposa 900 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya umapanikiza mochepa, ndipo madzi amawira pa madigiri pafupifupi 97. Mukakwera ku Ku Chawe amawira msanga kuposa apo. Ambiri amalemba mu lipoti kuti chipangizo n'chowonongeka, chonsecho ndi phiri.

Inorganic imayenda ndi tebulo limene Dmitri Mendeleev anayala mu 1869, lomwe lero lili ndi ma element 118. Phunzirani mmene khalidwe limasinthira mukamatsika kapena kudutsa tebulolo, osati element iliyonse payokha. Analytical ndi ya kuyeza: muli chiyani umu, ndipo n'chochuluka bwanji? Ambiri amaipeputsa, koma kwa ine ndi imene imadyetsa anthu ambiri kuno kwathu.

Pa sabata, chitani chonchi. Manotsi a tsikulo awerengeni madzulo omwewo, mphindi 30 zokha, n'kulemba funso pamene simunamve. Mafunso a tutorial ayeseni nokha musanapite. Khalani ndi gulu la anthu atatu kapena anayi, osaposa. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu khumi imangokamba za mpira. Pagulupo aliyense abwere atayesa kale, ndipo muzisinthana kuima pa bolodi. Mavidiyo a pa YouTube amathandiza, makamaka pa ma mechanism, koma mukatha kuonera tsekani foni mubwereze nokha pa pepala.

Mukapita ku tchuthi, khitchini ya amayi ndi labu. Chidulo chimene amathira mu therere ndi madzi a phulusa, ndipo mphamvu yake ndi potassium carbonate. Wiritsani chidede, madzi ofiirawo muwagawe m'makapu awiri; kwina finyirani ndimu, kwina thirani soda, muone mitundu ikusiyana. Imeneyo ndi indicator, chinthu chosintha mtundu posonyeza ngati muli asidi kapena ayi. Chimera cha thobwa chili ndi ma enzyme amene amaphwanya sitachi kukhala shuga. Chinangwa chowawa amachiviika masiku angapo kuti poizoni wa cyanide achoke. Ngakhale mayi wotcheza kachasu akugwiritsa ntchito mfundo yakuti ethanol amawira pa madigiri 78, madzi asanawire.

Za malo ogona ndi mayeso, mwachidule

Ngati simunapeze malo pa sukulu ndipo mukufuna chipinda ku Chikanda kapena kwina, ganizirani mtunda. Labu imatha madzulo, ndipo nthawi ya dzinja mvula ya ku Zomba sichenjeza. Sungani kope lanu m'jumbo. Gwirizanani ndi mesho wanu, mnzanu wogona naye chipinda chimodzi, za nthawi yozimitsa nyale. Khalani ndi katochi kapena nyale ya sola, magetsi akathima usiku woti mawa mayeso musagwire njakata. Za ngongole ya boma ya ophunzira, tsatirani zilengezo za bungwe lake ndipo lembani msanga.

Mapepala a mayeso akale ayambeni pakati pa semesita, mukudziikira nthawi. M'mayeso onetsani njira yonse ndi mayunitsi. Yankho lomaliza likalakwika, njira imakupatsanibe malikisi. Mukagwa n'kupatsidwa sapu, mayeso obwereza, si maliro. Koma musadikire kufika pamenepo: mayeso oyamba a pakati pa semesita akakuvutani, gogodani pa ofesi ya aphunzitsi sabata yomweyo, mutanyamula pepala losonyeza pamene mwakakamira. "Sindikumva chilichonse" n'zovuta kuthandiza. "Ndafika apa, ndiye chikundikanika n'ichi" amakuthandizani mphindi zisanu.

Chomaliza, chaka chachitatu ndi chachinayi

Apa yambani kuyang'ana kunja kwa mpanda. Odziwa kemisitiri amagwira ntchito ku Malawi Bureau of Standards, m'mabungwe a madzi monga Southern Region Water Board yomwe likulu lake lili mu Zomba momwemuno, ku Geological Survey komwenso ndi konkuno, m'mafakitale a shuga ku Nchalo ndi Dwangwa, kopanga ethanol, kopanga simenti, ku malo ofufuzira za ulimi monga Chitedze ndi Bvumbwe, ndi m'makalasi a sekondale m'dziko lonse. Lembani makalata opempha kukaphunzira ntchito pa tchuthi chachitali, ngakhale popanda malipiro ngati kunyumba angakwanitse. Mwezi umodzi pa chipangizo chenicheni umalemera pa CV.

Pa kafukufuku wa chaka chomaliza, sankhani funso laling'ono limene mungaliyankhe ndi zipangizo zimene zilipo. Musaone ngati za pakhomo n'zopepuka. A Pulofesa John Saka anadziwika ndi kafukufuku wa chinangwa ndi zipatso zakutchire, a Pulofesa Samson Sajidu ndi wa nthangala za cham'mwamba poyeretsa madzi, ndipo onse awiri anadzatsogolera yunivesite imeneyi. Mafunso ali ponseponse: madzi a mtsinje wa Likangala asanalowe m'tauni ndi atatuluka kulowera ku nyanja ya Chilwa, fluoride wa m'mijigo poyerekeza ndi mulingo wa World Health Organization wa mamiligalamu 1.5 pa lita, ayodini mu mchere wa pamsika, chuku mu mtedza.

Pitani kwa amene mukufuna kuti akuyang'anireni chaka chachitatu chisanathe, mutalemba tsamba limodzi la zimene mukuganiza. Afunseni mosabisa ngati mankhwala ndi chipangizo chofunika zilipo, chifukwa yankho lake ndi limene lidzasankhe mutu wanu.

Ngati mwasankha za madzi, tsiku lokatunga konzekani chonchi. Mabotolo apulasitiki otsukidwa monga akuuzirani mu labu, atatu pa malo alionse, ndi limodzi la madzi oyera a mu labu loti liyende nanu ulendo wonse kuti mudzadziwe ngati mabotolowo akuonjezera zawo. Lembani pa botolo musanalinyowetse: malo, tsiku, nthawi. Pa mjigo, popani kaye mphindi zingapo kuti madzi ogona m'paipi achoke, tsukuluzani botolo katatu ndi madzi omwewo, kenako dzazani mpaka pakamwa. pH ndi kutentha yezerani pomwepo, chifukwa zimasintha m'njira. Ikani mabotolo mu kula bokosi ya ayezi, ndipo wa kabaza mumuuziretu kuti pobwerera simuima pa msika.

Musanatsegule botolo ngakhale limodzi, yambani mwakaonekera kwa amfumu ndi a komiti ya mjigo, kalata ya ku sukulu ili m'manja. Afotokozereni kuti ndinu mwana wa sukulu, simunabwere kudzathira kanthu m'madzi, ndipo simukulonjeza mjigo watsopano. Amayi amene mudzawapeze pa mjigopo adzakufunsani kuti madzi awo ali bwanji. Auzeni kuti yankho lituluka mukakayeza, ndipo lembani nambala ya wapampando wa komitiyo m'kope lanu lachikuto cholimba lija, kuti zotsatira zikadzatuluka, inu ndi okuyang'anirani mudzawadziwitse.